Mitengo, Madzi ndi Khonsolo ya M'mbelwa

Lero ndifuna tikambirane za mitengo, za madzi ndi za Khonsolo yathu ya M'mbelwa. Mau aŵa alembedwa m'kabuku kano kuti muŵerenge nokha. Musathamange ai. Mukapeza mau ovuta imani, funsani mnzanu, kenaka pitirizani.

Mvula yasintha

Palibe mlimi amene afunika kuuzidwa kuti mvula yasintha. Mukudziŵa nokha. Chaka china imachedwa kuyamba. Chaka china imayamba bwino, tibzala, chimanga chimera, kenaka kuchita ng'amba masabata atatu. Ikabweranso imagwa yamkuntho tsiku limodzi, nkukokolola mizere ndi feteleza yemwe. Mu 2016 dziko lathu lidaona chilala chachikulu. Mu Malichi 2024 a Lazarus Chakwera, amene adali Pulezidenti pa nthaŵiyo, adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a m'Malaŵi ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba.

Akatswiri a za nyengo amatiuza gwero lake. Mafakitale, magalimoto ndi ndege zimatentha malasha ndi mafuta usana ndi usiku. Mpweya wotuluka m'menemo umaunjikana kumwamba ngati bulangete lofunditsa dziko. Kutentha kwa dzuŵa kumaloŵa, koma kumavutika kutuluka. Dziko likatentha, mphepo ndi mitambo siziyendanso monga kale. Mpweya wambiri woterewu wachokera ku maiko olemera. Wa ku Malaŵi ndi wochepa kwambiri. Mu 2015 maiko adakumana ku Paris, m'dziko la France, nagwirizana zochepetsa mpweyawu, ndipo Malaŵi ali m'pangano limeneli.

Tsono wina afunsa kuti: ngati utsi uchokera kutali chotere, ife a ku Luwerezi, ku Emfeni kapena ku Embangweni tingachitepo chiyani? Funso limeneli ndi labwino. Khonsolo ya M'mbelwa singaitane mvula. Ngakhale a DC sangaumbe mtambo. Koma mvula ija ikagwa, kumene madzi ake apite ndi ife timasankha.

Taganizani za mapiri aŵiri. Phiri loyamba liri ndi mitengo ndi udzu. Mvula imayamba yagunda masamba, ndipo imafika pansi itatha mphamvu. Pansipo pali zinyalala za masamba oola. Madzi amaloŵa m'nthaka pang'onopang'ono, nkumakatuluka ku kasupe ndi ku dambo mpaka mwezi wa Okotobala. Phiri lachiŵiri lametedwa. Madzi onse amatsika tsiku lomwelo, atasenza dothi labwino. Amakumba zigwembe m'minda, nadzaza mtsinje ndi mchenga. Pofika Ogasiti zitsime zauma. Mvula idagwa yofanana pa mapiri onse aŵiri, koma mudzi wina uli ndi dimba, wina amai akulaŵira m'mamaŵa kukafukula mchenga mumtsinje.

Nkhaniyi si ya kumudzi kokha. Madzi a m'mipopi ya pa Boma, amene a Northern Region Water Board amagulitsa, amatungidwa mumtsinje wa Mzimba. Mtsinjewu umachokera ku mapiri a kum'maŵa, kumene kuli nkhalango za Viphya ndi Perekezi, ndipo umakathira mu South Rukuru. Nawo South Rukuru, mtsinje wautali koposa m'chigawo cha kumpoto, umayambira kum'mwera kwa boma lathu lino. Kotero kalaliki wa pa Boma amene amatsegula mpopi, ndi bambo amene akugwetsa mtengo kumtunda, akumwa chitsime chimodzi.

Nkhalango si mitengo yokha

Pa nkhani ya mitengo ambiri timasokonezeka. Tikamva kuti tibzale mitengo, timaganiza za bulugamu ndi paini basi. Mitengo imeneyi iri ndi ntchito yake. Imakula msanga, imatipatsa milimo ndi matabwa. Ku Chikangawa boma lidayamba kubzala paini wambiri mu 1964, mpaka mahekitala pafupifupi 53,000, pofuna kudzatsegula fakitale ya mapepala imene sidamangidwe. Matabwa ake afolera nyumba zambiri m'dziko muno. Koma loŵani m'munda wa paini, muime, mumvetsere. Muli zii. Pansi pali masamba ake okhaokha onga singano. Simupezamo masuku, simupezamo mankhwala amene agogo ankakumba.

Tsopano loŵani m'nkhalango yachilengedwe, ya mombo, tsamba, mtondo, msuku, muŵanga ndi mlombwa. M'menemo muli mitundumitundu ya zamoyo, ndipo china chimadalira chinzake. Anthu ophunzira ali ndi dzina lao lalitali la zimenezi, koma inu mumazidziŵa bwino kuposa iwo, chifukwa mumazidya.

Tiyambe ndi boŵa. Kodi mudadzifunsapo chifukwa chake ndelema ndi manyame sizimera m'munda wa chimanga? Boŵa wotere amakhala pa mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku. Ali ndi timaulusi tosaoneka timene timakulunga mizu. Mtengo umampatsa chakudya, iye amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka. Chimene timazula ife ndi chipatso chake chabe. Mukadula mitengo yonse, boŵa uja amafera pansi pomwepo. Utale ndiye ali ndi bwenzi lina, chiswe, n'chifukwa chake timampeza cha ku chulu. Amai amene amagulitsa boŵa m'mbali mwa mseu wa M1 nthaŵi ya dzinja amapezamo ya sopo, ya mchere ndi ya makope a ana. Boŵayu amabwera miyezi imene nkhokwe yatha ndipo ndiwo zasoŵa. Mtengo umodzi ukapsa makala umagulitsidwa kamodzi. Ukasiyidwa, boŵa wa patsinde pake amazulidwa chaka ndi chaka.

Ndiye pali njuchi. Dzungu liri ndi maluŵa aŵiri, lalimuna ndi lalikazi. Njuchi ndiyo imanyamula ufa wachikasu kuchoka ku lina kupita ku linzake. Ikapanda kutero, kadzungu kaja kamafota nkugwa. Mpendadzuŵa nayenso amabereka bwino kumene kuli njuchi. Nanga chilimwe, m'minda muli mbee, njuchi zimadya kuti? Zimadya maluŵa a m'nkhalango. Matondo ndi mphalabungu zimadya masamba a mitengo yomweyo. Mbalame zimene zimatola mbozi m'minda mwathu zimamanga zisa m'menemo. Ngakhale kadzidzi ali ndi ntchito. Ndikudziŵa zimene timanena za kadzidzi, ndipo sindiloŵerera m'menemo lero. Ndingoti chakudya chake ndi makoswe ndi mbeŵa zimene zimatha chimanga chathu.

Palinso msangu, mtengo wa khalidwe lachilendo. Mitengo ina ikamaphuka m'dzinja, msangu umayoyola masamba. Sutchinga dzuŵa ku mbeu, ndipo masamba ake amasanduka manyowa. Chimanga cha pansi pa msangu chimaoneka chokha. Masiku ano pamene thumba la feteleza lavuta kugula, wodula msangu m'munda mwake akudzilanda yekha.

Chifukwa chiyani kuchuluka kwa mitundu kuli kofunika pamene nyengo yasintha? Chifukwa chaka choipa sichipha zonse pamodzi. Chimanga chikakanika, masuku, maula, matowo ndi nthudza zimabereka ndithu, popeza mizu yake iri pansi kwambiri. Mudzi umene uli ndi nkhalango uli ndi nkhokwe yachiŵiri. Maiko nawonso adaziona zimenezi. Mu Disembala 2022 adakumana ku Montreal, ku Canada, nagwirizana kuti pofika 2030 magawo 30 mwa magawo 100 a mtunda ndi nyanja akhale otetezedwa. Malaŵi adalonjezanso mu 2016 kuti adzabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga. Malonjezo ameneŵa amasainidwa kutali, koma mahekitalawo ndi mapiri ndi madambo omwe ali kuseri kwa nyumba zathu.

Phunziro la ku Perekezi

Nkhalango ya Perekezi iri kum'maŵa kwa Boma, ndipo ambiri mumaiona mukamayenda pa mseu wa M1. Idakhazikitsidwa mu 1935, ndipo kukula kwake ndi mahekitala oposa 14,000. Mwini wake ndi boma, kudzera ku Dipatimenti ya za Nkhalango. Kwa zaka zambiri anthu oyandikana nayo ankangoiona ngati munda wa boma, woloŵamo mozemba. Kenaka padabwera njira yatsopano yoti boma ndi midzi aziisamala pamodzi. Nkhalango idagaŵidwa m'zigawo, chigawo chirichonse ndi komiti yake ya anthu a m'midzi. Ntchitoyi idathandizidwa ndi European Union, ndipo kuyambira 2014 mpaka 2019 idathandizidwanso ndi bungwe la ku America la USAID, pa pulojekiti yotchedwa PERFORM.

Mapulojekiti ameneŵa adatha. Mu 2025 boma la America lidatseka USAID yeniyeniyo. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Galimoto zolembedwa maina m'mbali zimabwera ndi kupita, koma ogwetsa mitengo sapita ku tchuthi. Ndani atsala? Atsala mafumu, atsala inu, yatsala Khonsolo. Ndicho chifukwa chake ndifuna muidziŵe bwino Khonsoloyi.

Khonsolo ndi yani?

Boma la Mzimba ndilo lalikulu koposa maboma onse m'Malaŵi. Pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu oposa 900,000, osaŵerengera mzinda wa Mzuzu. Khonsolo yake imatchedwa ndi dzina la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndipo maofesi ake ali pa Boma. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono, lija timati mphamvu ku anthu. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli adasankhidwa mu 2000. Kuyambira 2005 mpaka 2014 tidakhala opanda makhansala, n'chifukwa chake ena mpaka lero sadziŵa ntchito ya khansala. Amangoti ndi munthu wonyamula maliro pa galimoto. Ai. Khansala ndi pakamwa panu m'Khonsolo. Amakhala pamodzi ndi makhansala anzake ndi mafumu aakulu, kukambirana za ntchito ndi za ndalama. A DC ndi antchito ao ndiwo amayendetsa zimene zagwirizanidwa. Pakati pa antchitoŵa pali a za nkhalango, a za malimidwe, a za chilengedwe ndi a za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Mau a m'mudzi amafika bwanji kumeneko? Njira yake iri ndi masitepe atatu. Loyamba ndi komiti ya chitukuko ya kwa agulupu, imene timati VDC. Lachiŵiri ndi komiti ya chitukuko ya dera lonse la Inkosi, imene timati ADC. Kaya muli kwa Inkosi Mabulabo, kwa Inkosi Khosolo, kwa Inkosi Mzikubola kapena kwa Inkosi Mzukuzuku, ADC yanu iripo. Lachitatu ndi Khonsolo. Zofuna za midzi zimalembedwa ku VDC, zimasankhulidwa ku ADC, kenaka zimaloŵa m'buku la mapulani a chitukuko cha boma lonse. Chinthu chimene sichidalembedwe m'mapulani chimavuta kupeza ndalama.

Tsono tamverani zimene zimachitika pa misonkhano ya VDC. Akafunsa kuti mukufuna chiyani, timayankha kuti mlatho, chipinda cha sukulu, mjigo. Zonsezi ndi zabwino. Koma kaŵirikaŵiri palibe amene amaimirira kunena za phiri limene liri kumtunda kwa mjigowo. Mjigo sulenga madzi. Umangokoka madzi amene adaloŵa pansi. Timapemphanso mlatho chaka ndi chaka pa malo omwewo, osafunsa chifukwa chake madzi amabwera ndi ukali wotere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati midzi sitchula nkhalango, Khonsolo idzaganiza kuti nkhalango siikutipweteka.

Mbwezera Chilengedwe

Ambiri mwa inu mwagwirapo ntchito ya Mbwezera Chilengedwe, kapena mwaona anzanu akugwira. Ntchito imeneyi idafalikira m'maboma onse m'zaka zoyambirira za m'ma 2020. Ndalama zake zidachokera ku World Bank ndi abwenzi ena, koma oyendetsa ndi makhonsolo, ndipo kuno ndi Khonsolo ya M'mbelwa. Mabanja ovutika amene ali ndi mphamvu zogwira ntchito amalembedwa. Masiku ena amalandira malipiro, masiku ena amagwira mongodzipereka. Amakumba maenje aatali opingasa phiri, aja timati maswale, kuti madzi aime ndi kuloŵa pansi. Amaika akalozera ndi kubzala udzu wa vetiva. Amatchinga zigwembe ndi miyala ndi zikhomo. Amafesa mbande m'nazale ndi kusamala mitengo yophukira yokha.

Nzeru ya ntchitoyi ndi yoti madzi agwidwe kuyambira pamwamba pa phiri. Kutchinga chigwembe kumunsi pamene kumtunda kuli poyera ndi kutaya mphamvu, chifukwa mvula yoyamba idzasesa miyala yonse. Mukamagwira, funsani alangizi kuti akuonetseni kumene madzi a dera lanu amayambira ndi kumene amathera.

Pano ndinene mosabisa. Ambirife timaona ntchitoyi ngati ganyu. Malipiro akatuluka, swale ija timaiiŵala. Dothi limadzazamo, mbuzi zimadya mbande, ndipo chaka chamaŵa tiyambanso pomwepo. Malipiro ndi ofunika, ndipo akachedwa kapena akapereŵera muli ndi ufulu wokadandaula ku komiti yolandira madandaulo. Koma ndalama ija imatha sabata imodzi, pamene swale yosamalidwa imamwetsa munda wanu zaka zambiri. Ikadzaza, tengani khasu muikonze, ngakhale palibe wolemba maina.

Tiŵerenge yamoyo

Mu 1976 dziko lathu lidayamba kukhala ndi tsiku lobzala mitengo, pa 21 Januwale. Achikulire mukukumbukira ana a sukulu atanyamula mbande m'manja. Masiku ano ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka chirichonse timamva pa wailesi chiŵerengero cha mitengo yobzalidwa. Mitengo yonse imene tabzala kuyambira 1976 ikadakhala ndi moyo, bwenzi tikusoŵa polima. Iri kuti?

Inu tsopano mumatha kulemba ndi kuŵerengera. Gulani kope limodzi la komiti. Tsiku lobzala lembani tsiku, malo, mtundu wa mtengo ndi chiŵerengero. Mwezi wa Okotobala, dzuŵa litafika poipa, pitani mukaŵerengenso. Tinene kuti mudabzala mbande 200 ndipo mwapeza yamoyo 60. Ndiye kuti 140 yafa. Lembani chimene chaipha: moto, mbuzi, chiswe, kapena kubzala mochedwa mvula itatsala pang'ono kutha. Kope limeneli mupite nalo ku VDC. Alangizi akadzabwera ndi mbande zina, muŵaonetse. Ngati mbande zimafika mu Malichi, nenani kuti mukuzifuna mu Disembala. Khonsolo singakonze chimene siikuchidziŵa, ndipo lipoti la mitengo yobzalidwa lokha limasangalatsa koma siliphunzitsa kanthu.

Chitsa sichidafe

Pali njira ina yotsika mtengo kuposa nazale, ndipo kwa ine ndiyo yoyenera kuikidwa patsogolo kuno ku Mzimba. Mitengo yathu yachilengedwe imavuta kufesa, ndipo mbande zake zimakula mochedwa. Koma ikadulidwa siifa msanga. Chitsa cha mombo kapena msuku chimakhala ndi mizu yaikulu yamoyo pansi. Chaka chirichonse chimaphukira, ndipo chaka chirichonse ife timasadza mphukirazo ndi khasu, kapena moto umazitentha. Phiri limene timati latha, pansi pake pali nkhalango imene ikudikira.

Kachitidwe kake ndi aka. Pa chitsa chirichonse sankhani mphukira ziŵiri kapena zitatu zoongoka ndi zamphamvu. Zotsalazo dulani ndi mpeni wakuthwa, osang'amba khungwa. Zimene mwadulazo ndi nkhuni zanu. Bwerezani chaka ndi chaka. Popeza mizu ndi yakale, mphukira zimakula msanga kuposa mbande, sizifuna kuthirira, ndipo chiswe sichizigonjetsa msanga. Boŵa uja wa pa mizu nayenso amabwerera. Pamafunika kudekha ndithu, zaka zingapo, koma palibe chogula.

Adani ake ndi aŵiri: ziŵeto ndi moto. Ife a ku Mzimba ng'ombe ndi chuma chathu, ndipo sindinena kuti tizisiye. Koma mudzi ugwirizane mbali yodyetsako ndi mbali yopumitsa, ndipo abusa auzidwe bwino. Moto ndiye woopsa koposa. Moto wa Seputembala ndi Okotobala, udzu utauma gwa, umapha mphukira, zisa, njuchi ndi zonse. Kaŵirikaŵiri umayamba ndi osaka mbeŵa kapena ofula uchi. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango mvula ikangotha. A za nkhalango amaphunzitsanso kutentha koyambirira, cha mu Meyi kapena Juni, udzu usadaumitsitse, kuti moto ukhale wofatsa. Zimenezi musachite nokha, itanani mlangizi. Ndipo alimi a njuchi, ming'oma ya makungwa imapha mtengo umene mwasenda. Ya matabwa ndiyo yabwino.

Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola nyakwaŵa, mothandizidwa ndi a za nkhalango, kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi. Mudzi umasankha komiti yoyang'anira. Malire amayendedwa anthu onse akuona. Kenaka mumalemba malamulo anu: tsiku lotola nkhuni zouma, wololedwa kudula mlimo ndi nthaŵi yake, poika ming'oma, ndi chindapusa cha wotentha. Lembani m'chilankhulo chimene aliyense amva, ndipo muŵerengere anthu pa bwalo. M'komitimo amai asachepe. Iwo ndiwo amadziŵa kumene nkhuni zafika kutalika, ndi boŵa amene wasoŵa. Malamulo otere akadziŵika kwa Inkosi ndi ku ofesi ya za nkhalango pa Boma amakhala ndi mphamvu, ndipo munthu wochokera kwina sangabwere ndi nkhwangwa nkumati malo aŵa alibe mwini.

Za makala ndi njerwa

Sindingathe nkhaniyi osatchula makala. Lamulo limaletsa kuotcha kapena kugulitsa makala a mitengo yachilengedwe popanda chiphaso, ndipo mu 2020 zilango zake zidakhwimitsidwa. Koma tisanamizane. Bambo amene amakankha njinga ya matumba atatu usiku sachita zimenezi chifukwa chokonda. Akufuna chakudya cha ana. Ndipo sakadaotcha pakadapanda ogula. Ogulawo ali pa Boma, pa Jenda, ku Mzuzu, ku Kasungu ndi ku Lilongwe. M'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Kulanda njinga kokha sikungathetse vutoli. Wootcha apeze china chogulitsa, monga uchi, boŵa ndi za kudimba, ndipo wophika achepetse moto. Chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi, imatha nkhuni zochepa kuposa mafuŵa atatu, ndipo amai angathe kuphunzira kuiumba ndi kuigulitsa.

Njerwa nazo zimadya mitengo. Ana athu a ku Joni akatumiza ndalama timamanga nyumba zokongola, ndipo tikuthokoza. Koma uvuni umodzi umameza mitengo ikuluikulu yaiŵisi, makamaka ya m'mbali mwa mitsinje monga mkuyu ndi katope, imene imagwira magombe. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zina zikuluzikulu. Kotero mukaona chipinda cha sukulu kapena msika ukumangidwa ndi ndalama za Khonsolo, yang'anani njerwa zake. Muli ndi ufulu wofunsa khansala wanu. Khonsolo irinso ndi mphamvu yopanga malamulo akeake a m'boma muno. Mungathe kupempha kudzera kwa khansala kuti pakhale malamulo oteteza magombe a mtsinje wa Mzimba ku olima mpaka m'madzi, okumba mchenga ndi otaya zinyalala.

Lembani kalata

Mau a pakamwa amauluka, ndipo mlembi wa komiti angaiŵale. Tsopano mumatha kugwira cholembera, tsono pempho lanu lipite pa pepala. Kalata isatalike. Nachi chitsanzo. M'malo mwa timadontho muikemo maina ndi manambala anu.

Mudzi wa ..........
Gulupu ..........
Inkosi ..........
Tsiku ..........

Kwa a Wapampando a VDC,

Ife anthu a m'mudzi uno tidakumana pa .......... Tidalipo amai .......... ndi abambo .......... Tagwirizana kuti phiri la .......... likhale nkhalango ya mudzi. Chifukwa chake n'chakuti chitsime chathu chimauma mwezi wa .......... ndipo zigwembe zikudya minda. Tikupempha mlangizi wa za nkhalango abwere kudzayenda nafe malire ndi kutiphunzitsa kusamala mphukira. Tikupemphanso kuti nkhaniyi ipite ku ADC ndi kuloŵa m'mapulani a Khonsolo. Ife tidzalambula njira yotchinga moto tokha.

Ndife anu,
..........

A nyakwaŵa asaine ndi kudinda. Lembani makalata atatu ofanana. Imodzi ipite ku VDC, ina kwa khansala, yachitatu isungidwe m'kope la komiti. Pa kalata yotsalayo lembani tsiku limene mwapereka ndi dzina la amene walandira.

Misonkhano ya Khonsolo yonse ndi yotseguka, munthu wamba angathe kukakhala ndi kumvetsera. Ndiponso kuyambira mu Seputembala 2020 pali lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha kuona zolembedwa za maofesi a boma. Mungathe kufunsa kuti ndalama za chilengedwe za chaka chino ndi zingati, ndipo zapita ku madera ati. Funsani mwaulemu, koma funsani. Pakatha mwezi osamva yankho la kalata yanu, tumani anthu aŵiri, mai ndi bambo, abwerere kwa a Wapampando atanyamula kope lija.